Mtsuko wa Kuseli kwa Chitseko

Chaka china m'nthawi ya Chitaganya, mango atangoyamba maluwa ndipo zitsime za kwa Kalindawalo zitatsala matope, kunabwela bambo wina wa zaumoyo pa njinga kuchokela ku Petauke. Anatiphunzitsa kuwilitsa madzi akumwa, kuvundikila chakudya ndi kusamba m'manja ndi phulusa. Popeza ndinali mkazi wa aphunzitsi, anandisankha kuti ndizikumbutsa amai anzanga.

Ndinkawakumbutsa ndithu, mokweza mawu. Koma ine madzi owilitsa ankandinunkhila utsi. Choncho ndinali ndi mitsuko iwili: wa madzi owilitsa pakhonde, woti anthu aziona, ndi wanga weniweni kuseli kwa chitseko.

Tsiku lina amai Mwanza, oyandikana nawo nyumba, anapempha madzi. Mtsuko wa pakhonde unali utauma gwa masiku atatu, ndiye ndinawatungila m'wakuseli uja.

"Anuwa sanunkha utsi," anatelo. "Mumawilitsa bwanji?"

"Ndimaponyamo tsamba la ndimu, n'kulichotsa msanga," ndinayankha osaphethila.

Sabata isanathe, mudzi wonse unkawilitsa madzi ndi masamba a ndimu, mpaka mtengo wa ndimu wa kusukulu unatsala nthambi zokhazokha. Nyengo imeneyo palibe mwana anatsegula m'mimba. Amene anatsegula ndine, masiku anayi.

Amai Mwanza anabwela kudzandizonda. Ndinawauza kuti ndinadya mango osapsa. Anayang'ana mtengo wa mango wa pabwalo, womwe unali ukadali maluwa okhaokha. Kenako analowa m'nyumba osafunsa, natuluka atasenza mtsuko wa kuseli kwa chitseko, n'kukathilila mtengo wa ndimu uja.