Mbande zisanu ndi imodzi ku Kings Heath

Chaka changa choyamba ku Birmingham ndinkagwira ntchito ya kheya, yoyenda m'makomo kusamalira okalamba. Viza yanga inali m'manja mwa kampani imene inandiitana, moti ndikanangochotsedwa ntchito, ulendo unali wa ku Kasungu. Choncho ndinkayenda ngati munthu wosenza mazira.

Nyumba ina imene ndinkapitako m'mawa uliwonse inali ku Kings Heath, kuseri kwa msewu wa mashopu. Munkakhala banja la azungu okalamba. Wodwala wanga anali mayiwo, amene matenda a mitsempha anawagoneka pabedi. Miyendo yawo inkakokana mpaka ankaluma pilo. Bambowo anagwira ntchito moyo wawo wonse ku fakitale ya magalimoto ku Solihull, ndipo tsopano manja awo ankanjenjemera, tiyi ankangothira theka la kapu kuopa kutaya.

Tsiku lina mu Meyi, nditamaliza kuwasambitsa mayi aja, bambowo anandiimitsa kukhitchini.

"Paja munati kwanu mumalima?"

"Eya, bambo. Fodya ndi chimanga."

"Tabwerani mundionere kanthu."

Tinatulukira kuseri, kukanyumba kagalasi kamene kanali kumapeto kwa bwalo. M'kati munali motentha. Pa shelefu panali miphika isanu ndi umodzi ya pulasitiki, uliwonse ndi kambande kotalika ngati chikhatho. Zonse zinali zitawerama, masamba ali lende. Anati dzulo lake anazichotsa m'timakapu n'kuziwokera m'dothi latsopano logula kushopu, ndipo pofika madzulo zinali zitafota.

Sindinafunike kufunsa. Masamba aja a tizala tosongoka, m'mbali mwake ngati mano a sowo, ndinkawadziwa kuyambira ndili mwana.

"Bambo, ichi ndi chamba."

"Ndikudziwa. Ine sindisuta, komanso sindigulitsa. N'za mkazi wangayu. Mapiritsi amangomugonetsa, ululu osachoka. Ndamva kuti ena zimawathandiza."

Ndinayang'ana m'mwamba. Nyumba za ku Kings Heath n'zogundana, ndipo mawindo a m'mwamba a anthu oyandikana nawo onse ankaloza pabwalopo. Ine ndinali m'kanyumba koonekera mbali zonse, nditavala yunifomu yokhala ndi dzina la kampani pachifuwa. Ndinafuna kutuluka. Koma bambowo anatola botolo la feteleza wamadzi n'kuyamba kulimbana ndi chitsekerero, botolo likugwedezeka m'manja.

"Ayi, musathire ameneyo," ndinatero.

Mpaka lero sindidziwa chimene ndinayankhulira. Mwina n'chifukwa choti ndinakulira pa nazale ya fodya ya atate, ndipo sindinkatha kuonerera munthu akupha mbande. Ndinapisa chala m'dothi. Linali thope lokhalokha. Ndinawauza kuti azimiza m'madzi, kuti mizu ikasunthidwa imavulala ndipo simwa msanga, ndiye feteleza angoiwotcha. Ndinatsitsa miphika yonse n'kuiika pansi pa shelefu, pamthunzi. Ndinatsegula kawindo kuti mpweya uzilowa.

"Zisiyeni choncho. Musazigwiregwire, musathirirenso mpaka dothi liume pamwamba."

Zonsezi sizinathe mphindi zisanu. Ndinasamba m'manja katatu ndi sopo wa mbale, koma ndinkamvabe fungo. Pa foni ya kuntchito, pamene timalemba zimene tachita, ndinaima nthawi yaitali. Kenako ndinalemba kuti wodwala wasamba, wadya phala, wamwa mankhwala.

M'basi ndinakhala kumbuyo, manja nditawabisa m'khwapa. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anakoka mphuno, ine ndinaganiza kuti wamva fungo lija, pamene mwina chinali chimfine chabe. Pa maloboti galimoto ya apolisi inaima pambali pathu. Wapolisi wamkazi ankadya kanthu m'pepala, osayang'ana n'komwe kubasi, koma ine ndinali nditayamba kale kukonza mawu okawauza amayi anga kumudzi pafoni.

Masiku atatu otsatira ndinkalowa ndi kutulukira khomo lakumaso, osasuzumira kuseri. Tsiku lachinayi bambowo anandichingamira pakhomo, atameta ndevu, nkhope ili ngwee.

"Zadzuka. Imodzi yokha ndiyo yafa."

Ndinayang'ana pawindo la kukhitchini. Ngakhale patali ndinaona kuti zisanu zaimirira, masamba atatambasuka, nsonga zili zobiriwira bwino. Kumudzi ndikanasangalala. Apa ndinachita mantha, chifukwa zinali zitachira ndi manja anga.

"Ndamuuzanso mnzanga wa nyumba iyi," anapitiriza, akuloza khoma. "Ndati mtsikana wathu wa kheya ali ndi dzanja la mbewu."

"Mwawauza kuti ndi mbewu yanji?"

"Ameneyo alibe vuto. Tadziwana zaka zambiri."

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinakokera pambali mayi wina wa ku Zomba, namwino amene wakhala kuno zaka zambiri. Tonse timangowaitana kuti anti. Tinakhala m'galimoto mwawo, ana awo akusewera panja, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anagogoda chiwongolero ndi chala.

"Unazigwira ndi manja ako?"

"Eya, anti."

"Iwe mwana iwe. Mdalayo akagwidwa mwina angomuchenjeza, ndi nkhalamba ya konkuno. Koma iwe ndi viza yakoyo? Sudzagwiranso kheya, ngakhale kukilina kumene."

Ndinayamba kulira. Anandipatsa tishu.

"Tamvera. Mawa ukamuuze maso ndi maso kuti azichotse. Akakana, ukaripote kwa manejala tsiku lomwelo, usadikire kuti wina akufikire. Ndipo ululu wa mayiwo uziulemba tsiku lililonse m'manotsi, mpaka ku ofesi atope nawe. Ntchito yako ndi imeneyo, osati ulimi."

Lolemba ndinawauza bambo aja tili chiimire kukhitchini. Mawu ankatuluka modukaduka. Ndinati ndili ndi mwana kumudzi, ndinati lamulo likandigwira ine silindimvera chisoni, ndinati zikakhalapobe ndiyenera kukanena. Iwo anangoyang'ana pansi. Sanakalipe. Anangoti, "Ndinkayesa ndinu mnzathu."

Chitseko cha chipinda cha mayiwo chinali chotsegula, ndipo anamva zonse. Anaitana mwamuna wawo ndi mawu otsika.

"Kazitaye. Sindinapemphe kuti mwana wa eni athamangitsidwe chifukwa cha miyendo yanga."

Bambowo anatenga sizasi ndi thumba lakuda n'kutuluka. Ine ndinaima pakhomo lakuseri, osaponda pabwalo. Sizasi inkaphonya tsinde chifukwa cha kunjenjemera, moti mbande iliyonse ankaidula kawiri katatu. Ndikanatha kuwathandiza, ntchito ya mphindi imodzi, koma manja ndinawasunga m'thumba la yunifomu. Atamaliza anakhala pa mpando wa m'kanyumbamo, atandifulatira, mpaka nthawi yanga yochoka inakwana.

Za ululu ndinalemba monga anti ananenera, ndipo ndinaimbanso ku ofesi kawiri. Patapita milungu ingapo kunabwera namwino, mankhwala anasinthidwa. Zinathandiza pang'ono, osati kwambiri. Masiku ena ndinkawapezabe mayiwo atatuwa, pilo atanyowa.

Manejala sindinamuuze za mbande. Kwa miyezi yambiri, nambala ya ku ofesi ikaoneka pa foni, ndinkayesa kuti zaululika, ndipo bambo wa nyumba yoyandikana uja akandipatsa moni pampanda, ndinkayankha osamuyang'ana kumaso. Palibe amene anabwera kudzandifunsa chilichonse.

Ndinagwirabe m'nyumbamo mpaka masamba a m'mitengo atayamba kuyoyoka, pamene mayiwo anawatengera kunyumba yosungirako okalamba. Bambowo ankandilemekeza masiku onsewo, moni ndi zikomo sizinkasowa, koma nkhani zinatha. Ndinadzawaonanso kamodzi chaka chotsatira, ndili m'basi, iwo ataima pa siteji ndi kachikwama ka zovala zochapa. Anandizindikira pawindo, nakweza dzanja pang'ono. Inenso ndinakweza langa, basi n'kunyamuka.