Madontho Anayi a Mayi Fainala

Ine ndine Prosper Mphepo, wokonza mawailesi ndi mafoni kuseri kwa msika pa Kasungu Boma. Ndatha zaka makumi awiri pa benchi lomweli, ndipo munthu akabwera n'kumati ndamuonongera katundu, sindimunyengerera ayi, amachoka makutu akulira. Koma alipo mayi mmodzi amene ndinamulakwiradi, ndipo mpaka lero akamadutsa ndimaimirira.

Mayi Fainala anachokera ku Phalombe ndi amuna awo a Ernest, mwana ali kumsana, kudzalima fodya ngati matenanti pa esiteti ina cha ku Kapelula. Sukulu anailekeza sitandade faifi. Chuma chawo chonse chinali pakhosi. Akayambitsa nyimbo m'chigafa, anthu osoka fodya ankaiwala kuti msana ukuwawa. Kwaya ya panyumba ya mapemphero ya pa esitetipo anaiyambitsa ndi iwowo, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu inkaimba popanda chida chilichonse. Iwo ankaponya mzere woyamba, enawo n'kulandira.

Kenaka kunabwera chotupa cha pakhosi. Madokotala anawauziratu kuti akachichotsa moyo upulumuka, koma mawu mwina sabwereranso. Sanabwereredi. Anatsala ndi kunong'ona basi, moti kuti uwamve umayenera kupendeketsa mutu. Kwaya inayamba kuimba ngati anthu osadya, aliyense kudikira mnzake kuti ayambe.

Tsiku lina anafika pa benchi langa ndi kakiyibodi kakale, kotalika ngati mkono, kamene anakapeza pamulu wa zidole za pa kaunjika. Ndinaseka. Ndinati, "Mayi, aka n'kakale kuposa ana anu onse. Mukufuna muzithamangitsira makoswe?" Iwo sanaseke. Anandilozera timabatani tinayi tokankha timene tinali pamwamba pa makiyi, n'kunong'ona kuti, "Iti n'tachiyani, a Mphepo?"

Apo ndiye anandikanda pondiyabwa, chifukwa ine zinthu zakalezi ndimazikonda. Ndinawafotokozera kuti makiyibodi akuluakulu a masiku ano amakhala ndi mawu ojambulidwa kale: wina anaimba piyano yeniyeni, anamujambula, iwe ukadina amangobwereza. Koma aka mulibe chojambulidwa. Kamapanga mawu pompo ndi magetsi. Muli kulira kumodzi kosalala ngati likhweru, ndiye pali kulira kwina kobisika kumene kumagwedeza koyambako. Ndinati, "Munayamba mwaimbapo muli pa kabaza mumsewu wa mabampu? Mawu aja amanjenjemera. Tsono kugwedezako kukafulumira kwambiri, khutu silimvanso kunjenjemera, limamva mawu ena, mwina a lipenga, mwina a belu." Batani loyamba limaonjezera kugwedezako, lachiwiri limasintha liwiro lake, lachitatu limanena ngati mawu atuluke mwadzidzidzi kapena mokwera pang'onopang'ono, lachinayi limanena mmene azimire.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndiye kangathe kulira ngati munthu?" Ndinawayankha kuti kangayeseko, paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ndinakalumikiza waya amene anaduka, ndinaika mabatire, iwo anakakulunga m'chitenje n'kumapita.

Zotsatirazi ndinazimva pambuyo pake. Dzinja lonse, akaweruka kumunda, ankakhala pakhonde n'kumakankha timabatani tija pang'onopang'ono, kufunafuna mawu awo. Atawapeza, anadontheza kiyutekisi wofiira, wopaka m'zikhadabo uja, pambali pa batani lililonse, pamalo enieni pamene laima, chifukwa kakiyibodi kameneka sikasunga kanthu. Mawuwo amangokhala pomwe mabatani aima, ukawasuntha apita. Kuyambira pamenepo ankaponya mzere woyamba ndi chala, kwaya n'kulandira.

Sikuti onse anakondwa. Ena mumpingo ankati kwaya yamakono imaimba ndi zoimbira zojambulidwa kale pa fulashi, osati ndi chidole. Akulu ampingo anagamula kuti aonera pa chikondwerero cha makwaya ku tchalitchi chachikulu. Zikakayenda, Mayi Fainala apitiriza kutsogolera. Zikakavuta, abweretsa fulashi, mayiwo akhale pansi ndi anthu ena onse. Kwa munthu amene anataya kale mawu, kumulanda kwaya kunali kumutseka pakamwa kachiwiri.

Tsoka ilo, inali nyengo yosankha fodya. Fumbi la fodya limalowa paliponse, m'mphuno, m'tsitsi, ngakhale m'kabudula. Linalowanso pansi pa makiyi, atatu n'kusiya kulira. Lachitatu anabwera nako kwa ine, chikondwerero chili Lamulungu lomwelo. Ndinakatsegula, ndinapukuta timphira ta pansi pa makiyi, ndinapaka makala a pensulo pamene panafufutika, makiyi onse n'kuyamba kulira bwinobwino. Ndikanalekera pomwepo. Koma ine Mphepo ndimafuna katundu azichoka pa benchi langa akuwala. Ndinaona timadontho tofiira, ndinati ana a pa esiteti amaseweretsa zinthu. Ndinazula timabatani tonse tinayi, ndinapala madontho ndi kampeni, ndinapukuta ndi sipiriti mpaka mbee, n'kubwezera mabatani pakatikati, ofanana bwino ngati asilikali.

Lachisanu atabwera, ndinawapatsa monyadira. Anadina kiyi imodzi. Kanalira ngati belu la njinga. Anayang'ana pa mabatani, anapapasa ndi chala pamene panali madontho, n'kunong'ona kuti, "A Mphepo, madontho anga ali kuti?"

Akanakhala munthu wokalipa ndikanadziwa chomuyankha, ndinazolowera. Koma munthu wonong'ona ungakangane naye bwanji? Atandifotokozera, ndinachita manyazi ofuna kulowa pansi. Ntchito ya dzinja lonse ndinaipala ndi kampeni pa mphindi ziwiri, n'kumadzitama.

Loweruka m'mawa ndinatseka benchi n'kukwera njinga yamoto kupita ku esiteti. Ndinapeza kwaya itasonkhana m'shedi yosankhiramo fodya. Mayi Fainala anali atakhala pa belo la fodya, akukankha mabatani uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. Akayandikira, ankapukusa mutu n'kuyambiranso. A Ernest anali chapatali, atatifulatira, akumanga fodya m'mitolo. Sanandiyankhe moni, ndipo sindinawadandaule.

Ndiye panaimirira a Ennie, mnzawo wakale wa Mayi Fainala, amene aimba nawo kwaya chiyambire. Anati, "Achemwali, ndinene chilungamo, musakwiye. Ngakhale aja anafufutidwa aja sanali mawu anu. Anali onenepa kwambiri, ngati a mayi wina wamkulu. Tinkangokhala chete pokumverani chisoni." Mayi Fainala anatukula maso.

Apo mutu wanga unagwira ntchito. Ndinati, "A Ennie akunena zoona. Munthu samva mawu ake monga amawamvera anzake. Iwe umawamvera m'kati, kudzera m'mafupa a mutu, ndiye amamveka okulirapo. N'chifukwa chake ukadzimva pa foni umakana kuti si iwe. Mayi, inu mwakhala mukufuna mawu amene munkamva nokha. Awa anakumverani zaka khumi ndi zisanu. Inu dinani makiyi basi, ine ndizikankha, iwowa aziweruza."

Tinayamba. Mayi Fainala ankaimba mzere woyamba wa nyimbo imodzimodzi, ine n'kusuntha batani pang'ono. "Achepetseni, anenepa," anatero a kwaya. Ndinachepetsa. "Tsopano afika m'mphuno, bwererani." Wina anati mawu awo sankatuluka mwadzidzidzi, ankayamba ngati akukayika kenaka n'kutseguka. Ndinakankha batani lachitatu. Wina anati pomaliza ankakoka pang'ono asanasiye. Ndinakankha lachinayi. Anthu osadziwa n'komwe kuti m'kati mwa kachipangizoka muli chiyani ankandilamula ngati mwana, ndipo ine wokonda kukangana ndinangoti chete n'kumvera.

Dzuwa litafika pamutu, ndinasuntha batani lachiwiri kadontho kokha, mayiwo n'kudinanso mzere uja. A Ernest anasiya mtolo umene ankamanga, masamba n'kumwazika pansi. Anatembenuka n'kunena motsitsa kuti, "Musakhudzenso. Ndi ameneyo. Ndi amene ndinamumva ku Phalombe." A Ennie analandira nyimboyo akulira, kwaya yonse n'kulowa.

Lamulungu anakaimba, ndipo nkhani ya fulashi sinamvekenso. Panopa Mayi Fainala akutsogolerabe, akuphunzitsanso amayi awiri kudina makiyi. Madontho atsopano anadontheza ndi a Ennie Loweruka lomwe lija, ine ndinazokota ndi msomali pambali pake kuti ngakhale chitsiru china chaukhondo chidzalephere kufufuta.

Koma chimene sindiiwala n'chimene chinachitika nyimbo itatha m'shedi muja. Ndinapita kukapepesa, mawu ndinali nditawakonza kale panjira. Mayi Fainala sanandimvere n'komwe. Anadina kiyi imodzi, anaigwira mpaka kulira kunazima, n'kundikoka mkono kuti ndipendeketse mutu.

"A Mphepo," ananong'ona, misozi ikutsika, "kani ndinkaimba bwino chonchi?"