Zimene Gitala Uja Ankanena

Anzanga, ndinakumana naye chifukwa cha wailesi yomwe inatafuna kaseti yanga.

Kasetiyo anandisiyira achimwene popita kukayendetsa malole, ine ndili kamtsikana. Inali ya rock, ya Chingerezi, ya anyamata a tsitsi lofika m'mapewa. Dzina la gululo musandifunse. Kusukulu sindinapondeko, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinkaidziwa ndi chikuto chake chofiira.

Nyimbo yoyamba inkayamba ndi ng'oma, ngati munthu akumenya chitseko mwaukali. Koma yachitatu... eee! Gitala ankalira yekha pang'onopang'ono, ine n'kuiwala kuti ndili ndi tsache m'manja.

Ndiye ndinanyamula kasetiyo, tepi ili lende ngati matumbo, mpaka kwa mnyamata wokonza mawailesi kuseri kwa msika. Anthu ankamutchula Mawaya.

"Asisi, nkhope imeneyi mwafedwa?"

"Konzani kaye, nthabwala pambuyo."

Anadula pomwe panatafunidwapo ndi lumo, n'kulumikiza ndi kadontho ka utoto wopaka zikhadabo, n'kukulunga tepiyo ndi bolopeni. Atayesa, gitala wanga uja analiranso.

"Kodi akuti chiyani pamenepa?" ndinafunsa.

Anatsinzina, n'kumvetsera kanthawi.

"Akuti, iwe mtsikana wa tsitsi lomanga ndi ulusi, ukamadutsa msewu wonse umakhala chete."

Anzanga, tsitsi langa linali lomanga ndi ulusi!

Kuyambira pamenepo masana anga ankathera m'kashopu kaja. Mawailesi otsegulidwa mimba ali mbwee pashelefu, fungo la waya wopserera, dzuwa likulowa pakabowo ka lata n'kumayenda pansi. Ndinali ndi kampando kanga. Iye ankamasulira, ine n'kumamvera. Tikafika ku Side B ndinkatsinzina, n'kumaona tili pa lole ya achimwene, msewu wosatha, mphepo ikutiwomba.

Tsiku lina anati, "Dear, ndibwerekeko ndijambule yanga."

Kaseti imeneyo ngakhale mng'ono wanga sankaikhudza. Koma ndinampatsa ndi manja awiri.

Patapita masiku amayi anandituma kumsika m'mawa, nthawi yomwe sindinkapitako. Ndili panja ndinamva nyimbo yachitatu. Ndinati akundikumbuka...

Nditasuzumira, pakampando kanga panali mwana wa atelala, tsitsi lowotcha lili nyezinyezi.

"Akuti chiyani?" anafunsa mtsikanayo.

Mawaya anatsinzina chimodzimodzi.

"Akuti, iwe mtsikana wa tsitsi lowotcha, ukamadutsa msewu wonse umakhala chete."

Sindinalire ayi, ine si wolirira pagulu. Ndinalowa, n'kudina batani, n'kutulutsa kaseti yanga.

"Asisi, sorry, dikirani ndifotokoze..."

"Mwafotokoza zokwanira. Zotsalazo muwauze mawailesi anuwa."

Anabwera kwathu kudzapepesa, ine osatuluka. Kenaka anasiya.

Lero tsitsi lomwe lija layera. Mwana wanga wamkulu anandipezera nyimbozo pafoni, ndipo ndimamvera ndikamachapa. Palibe oimba amene anawafikapo anyamata aja, nenani zomwe munganene.

Dzulo mwanayo anati, "Mayi, ndikumasulireni zomwe akunena?"

"Usayerekeze."

Ndikudziwa kuti oimbawo tsitsi langa sanalionepo. Mwinanso akuimba za galu wawo. Kuti anandinamiza, zimenezo ndinamukhululukira kalekale, poti linali bodza lokoma.

Chimene chimandiwawabe, anzanga, n'choti bodzalo silinali langa ndekha.