Tsiku Limene Ndinaphunzira Kugwa

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi pamene atate, omwe anali sikauti wa gemu, woteteza nyama za m'tchire, anagwira munthu wina wa ku Kakumbi akutchera mbawala ndi waya. Munthuyo anakamutsekera m'ndende ku Chipata. Mwana wake, Lameki, tinali naye kalasi imodzi.

Kuyambira pamenepo njira ya kusukulu inandiwawa. Lameki ankandidikira pakamtsinje kouma n'kundikankhira pansi, anzake akuseka. Ndinkafika kwathu kukampu ya a gemu mawondo ali magazi okhaokha, n'kunena kuti ndapunthwa. Atate sindikanawauza, chifukwa akanapita kumudziko mfuti ili paphewa, zinthu n'kuipiratu. Ndinayamba kulambalala kudzera m'thengo, ndikudumpha ndowe za njovu zikadali zotentha. Njovu ndinkaziopa, koma Lameki ndinkamuopa koposa.

Pakampu pathu panali Amai Mbewe, sikauti wamkazi amene anaphunzira judo, luso logwetsana la ku Japan, ali kumaphunziro a ntchito. Loweruka ankaphunzitsa anzawo pansi pa mtengo wa mvunguti, atayala masaka odzaza udzu. Ndinapitako mtima uli m'malere.

"Mwaswera bwanji, anti? Chonde ndiphunzitseni kumenya munthu."

Anayang'ana mabala a m'mawondo mwanga, osafunsa kanthu. "Vula nsapato. Werama, upereke ulemu. Lero uphunzira kugwa."

Anandionetsa. Chibwano pachifuwa, msana upindike, dzanja limenye pansi thupi lisanafike. Iwo ankagwa ngati mphaka. Ine ndinkagwa ngati dzungu. Mutu unagunda, fumbi la udzu linandilowa m'mphuno, ndipo dzuwa likupendeka ndinaphulika kulira.

"Anti, Lolemba andimenyanso! Kugwa ndikukudziwa kale, ndimagwa tsiku lililonse!"

"Iwe umagwetsedwa n'kutsala pomwepo, mwanangu," anatero modekha. "Dzuka. Bwereza."

Ndinabwerezabwereza mpaka dzanja linachita dzanzi. Ndinachoka nditakhumudwa, poganiza kuti palibe chimene ndatolapo.

Lolemba njovu zinali zitaima m'njira yanga ya m'thengo, choncho ndinadzera pakamtsinje paja. Lameki anandikankha ndi manja onse. Sindinagwe bwino ngati Amai Mbewe, koma mutu sunagunde, ndipo ndinadzuka. Anandikankhanso, ndinadzukanso. Ndinkangodzuka, mpaka anzake analeka kuseka. Kenako anandigwira diresi pakhosi.

"Bwanji sukulira?" anakuwa. "Amai anga amalira tsiku lililonse! Njovu zinatha chimanga chathu, a gemu osabwera. Atate atchera mbawala imodzi, mwawamanga!"

Anandisiya, n'kukhala pansi pamchenga, nkhope ataibisa m'mawondo. Ndinaima pomwepo ngati chitsa.

Sanandikhudzenso. Temu isanathe anasiya sukulu kuti azikathandiza amai ake kupirikitsa njovu kumunda, ndipo mpando wake unakhala wopanda munthu mpaka tinamaliza.

Judo ndinaipitiriza zaka zambiri, ndinadzaphunziranso kugwetsa amuna olemera kuposa ine. Koma lero ndimadziwa kuti pakamtsinje paja panalibe wopambana. Tonse awiri tinali ana ogwetsedwa ndi nkhondo ya akuluakulu. Ine ndinapeza wondiuza kuti dzuka. Lameki sanamupeze.