Ulendo Wokamata Dzino kwa Towera

Ndinanyamuka pa Katowo m'mamawa, tsaya nditalikulunga ndi mpango wa mayi akunyumba. Dzino lakumapeto linali litandisowetsa tulo. Kwathu kulibe woona za mano, choncho ndinalunjika ku boma la Rumphi, kumene mwana wanga Towera anali atangoyamba kumene ntchito imeneyi.

Ndinakwera matola, n'kukhala pakati pa matumba a chimanga ndi mbuzi yomangidwa miyendo. Galimoto ikagwera m'dzenje, ululu unkabaya mpaka m'khutu. Bambo wina amene tinayandikana anandiyang'ana mwachisoni.

"Dzino, adada? Kazuleni basi. Ine anga ndinazulitsa, ndimagona bwino chomene."

Ataseka ndinaona kuti sakunama: mano ambiri munalibe m'kamwamo. Mantha anandigwira.

Pa Bolero tinaima kudikira okwera ena. Anzanga anagula zitumbuwa ndi chimanga chootcha. Ine ndinangomwa thobwa, mutu nditaupendeketsa ngati nkhuku.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Towera anandiona pakhomo, nandipatsa moni mwaulemu, koma mzere sanandidumphitse. Nthawi yanga itakwana anandigoneka pampando.

"Ababa, tsegulani pakamwa."

Anasuzumira, anagogoda, anathira madzi ozizira mpaka ndinadzidzimuka.

"Kuzula ayi," anatero. "Bowo lazama, koma silinafike pamtsempha wam'kati, umene umapatsa dzino moyo."

Atachotsa zowola, anakanda kaufa koyera ndi timadontho ta mafuta onunkhira, n'kumata pabowopo.

"Mafutawa amaziziritsa mtsempha. Koma bowo likanaufika sindikanaika, chifukwa akaukhudza amaupsereza. Chomatachi n'chongoyembekezera. Mubwerenso mwezi wamawa. Ululu ukatha tidzamata chokhalitsa. Musakakhale nacho mpaka kukolola, chimaperepeseka, zakudya n'kumalowa pansi."

Ndinafuna kumukumbutsa kuti ndine amene ndinamuphunzitsa kuwerenga, koma m'kamwa munali thonje. Ndinangogwedeza mutu ngati mwana wa sukulu.

Panja, mayi wina wachikulire amene ankadikira pabenchi anandikoka malaya.

"Dzanja lawo n'lopepuka adokotalawo?"

"Lowani, amama, musaope. Ameneyo ndi mwana wanga."

"Yewo, mwalera!" anatero, akuomba m'manja.

Pobwerera ndinaiwala fumbi ndi maenje. Ndinaphunzitsa ana a eni ake moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa kuti kulangizidwa ndi mwana wako kumakoma chonchi. Mwezi wamawa ndidzapitanso, ndipo ndidzakhala pamzere ngati wina aliyense.