Chingwe cha m'chiuno mwa amai

Amai anali munthu wonenepa, ndipo pa Nyimba kunenepa kunali ulemu. Ankagulitsa mpunga ndi nkhuku yokazinga pa siteshoni ya mabasi. Makondakitala ankati munthu akangoona thupi lawo amadziwilatu kuti chakudyacho n'chabwino. Atate anamwalila ndili wakhanda, choncho m'nyumba tinali awili basi.

Chaka chimene ndinapita ku sekondale ku Petauke, amai anagwa pambali pa mbaula akukazinga. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambili ndipo mtima walemedwa ndi thupi. Dokotala anawapatsa timapilitsi topha njala. Anatimwa miyezi ingapo. Tulo tinkawavuta, manja ankanjenjemela, koma thupi linatsika mpaka madilesi onse anapita kwa atelala kukachepetsedwa. Kenako dokotalayo anawaletsa. Anati mankhwala amenewo samwedwa nthawi yaitali, angaononge mtima womwewo. Zotsala zinali za iwo eni: mchele pang'ono, mafuta pang'ono, kuyenda pansi.

Sikelo kwathu kunalibe, kupatula ya chimanga ku depoti. Amai anapota chingwe cha thonje n'kuchimanga m'chiuno, pansi pa mikanda. Zala ziwili zikalowa pakati pa chingwe ndi khungu, ankati zonse zili bwino.

Nditabwela pa holide ndinaona kuti njala imene mapilitsi ankaigoneka inali itadzuka. Amai ankakazinga nkhuku kuyambila m'mawa mpaka basi yomaliza, osalawa ngakhale kachikopa. Masana ankadya chibwabwa chowilitsa ndi kansima kochepa ngati ka mwana. Ankapita ku dimba wapansi, njinga ataisiya pakhonde. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene shuga ndi saladi, mafuta ophikila aja, tinkaziimila pamzele kuyambila mbandakucha, nthawi zina n'kubwelako manjamanja. Amai ankaseka.

"Ukuona, mwana wanga? Ngakhale boma likundithandiza kuonda."

Ndinkawanyadila. M'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku ndinalemba kuti amai adzakhalapo tsiku limene ndidzavale yunifolomu ya unesi.

Nthawi yomweyo matenda aja amene anthu ankawatcha kaliondeonde anali atayamba kuloŵa m'tauni yathu kudzela mumsewu waukulu. Anayamba ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu, kenako akazi awo, kenako aphunzitsi. Munthu ankaonda, n'kutsokomola, n'kusowa pamsika. Dzina lenileni palibe ankalitchula. Anthu ankangoyang'ana makosi a anzawo.

Tsiku lina mai wogulitsa nthochi pafupi ndi benchi lathu anawayang'ana amai kuyambila kumutu mpaka kumapazi.

"Anzanga, thupi lija munalisiya kuti?"

"Ndinalisiya kuchipatala. Linkandilemela."

"Eeh. Ambili akutelo masiku ano."

Ine ndinalumphila pakati ndi sayansi yanga ya kusukulu. Ndinafotokoza za magazi, za mtima, za mafuta otseka mitsempha. Maiyo anangoti, "Mwana wanu akuphunzila ndithu," n'kukokela dengu lake kutali pang'ono. Makondakitala anayamba kudutsa benchi lathu akuyang'ana kumbali. Amai sanadandaule. Anati alendo a m'basi satidziwa, adzagulabe, ndipo ankaguladi.

Chimene chinawathyola chinachitika ku Nyalugwe, kumudzi kwathu, pa malilo a msuweni wawo. Kwa zaka zambili amai ndiwo ankayang'anila miphika pa malilo onse a pabanja. Tsikulo atangovula nsapato n'kumanga chitenge kuti ayambe ntchito, alamu awo, akazi a malume anga, anawagwila paphewa.

"Alamu, inu pumulani pamthunzi. Atsikana alipo."

Nthawi ya kudya azimai anakhala m'magulu kuseli kwa nyumba, gulu lililonse pa mbale imodzi, monga mwa nthawi zonse. Amai anasamba m'manja n'kusendela pa gulu la azibale awo. Alamu aja anafika ndi kambale kapadela ndi kapu yakeyake.

"Inu dyelani apa, musavutike n'kulimbilana ndiwo ndi ife adyela."

Ananena mokoma, akumwetulila. Palibe amene anatukula mutu. Amai analandila kambaleko ndi manja awili, nathokoza, n'kukakhala pansi pa nkhokwe. Ndinawatsatila n'kudya nawo. Kapu ija ataimwela ndinaona kamtsikana kakuitenga ndi tsamba n'kukaiika payokha padenga la khola.



Holide yotsatila ndinapeza chingwe chija chitapachikidwa pa msomali kuseli kwa chitseko. Ku siteshoni amai anali atasuntha mpando wawo kuuika kutsogolo kwa benchi, poonekela. Ankadya pamenepo kuti aliyense aone: zikopa za nkhuku, vitumbuwa, tiyi wa shuga wogula kwa anyamata ozembetsa. Ankadya mosafulumila, ngati munthu amene akugwila ganyu.

Ndinadikila kuti basi inyamuke.

"Amai, dokotala anati chiyani?"

"Dokotala sadya nane mbale imodzi."

"Mudzagwanso."

"Ndikagwa wonenepa adzandinyamula. Ndikafa woonda, adzandisambitsa ndani? Iwe wekha?"

"Tiyeni tikayezetse magazi, tiwaonetse pepala."

"Pepala aliŵelenge ndani? Iwo amaŵelenga apa." Anadzimenya pamkono, pamene mnofu unali utayamba kubwelela.

Ndinalila, ndinawanyengelela, ndinabisa mchele. Ankandilola kuwaphikila ndiwo zopanda mafuta madzulo, n'kudya kuti ndikondwe, m'mawa n'kubwelela pampando wawo. Mutu unayambanso kuwapweteka. Akakolo anatupa. Njinga inachoka pakhonde chifukwa kuyenda wapansi kunayamba kuwavuta, kenako dimba analisiyilatu. Koma mai wa nthochi anabweza dengu lake pamalo akale, makondakitala anabwelela, ndipo ku tchalitchi anthu ankawagwila chanza akuti, "Mwachila, amai, Mulungu ndi wamkulu." Pa malilo ena a kumudzi anawapatsanso miphika. Anabwelako atapsa chala, ali osangalala kuposa mmene ndinawaonelapo.

Anagwa ndili m'kalasi lomaliza, kutatsala pang'ono mayeso. Mbali imodzi ya thupi inafa, pakamwa panapotoka. Ndinawapeza akupumabe koma osalankhula. Sanathe sabata.

Azimai anabwela ambili kudzawasambitsa, mpaka ena anatsala panja chifukwa chipinda chinachepa. Alamu awo aja anatuluka akupukuta manja pa chitenge, maso ali ofiila, n'kundikumbatila.

"Anali ndi thupi labwino, mai ako. Anachilatu bwinobwino."

Kenako anandikokela kuseli kwa nyumba, n'kundikhazika pakati pa azimai anzawo, pa mbale yawo.