Makina a Amalume ndi Sukulu Yanga

Tinanyamuka kwathu ku Vubwi mame asanakamuke, ine ndi amayi. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi yomwe boma linati maphunziro a ku yunivesite sakhalanso aulere onse ngati kale. Ine ndinali nditasankhidwa kupita ku Lusaka. Thandizo la boma linalipo ndithu, koma gawo lina anati aikepo makolo. Walira mvula walira matope! Atate anagulitsa mtedza wonse ndi mbuzi zawo, ndalama osafika ngakhale pakati. Ndiye anakhala pakhonde nati, "Mphamvu zanga zathera pamenepa. Ine pano ndine mkamwini chabe. Mwanayu ali ndi eni ake." Eni akewo anali amalume aYobe, alongo awo a amayi, atelala a ku Sinda. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi mtolo wako, ndipo tinkapita kukawakumbutsa zimenezo. Akanakana, ine kwanga kukanakhala kugwira khasu basi.

Pamsewu tinapeza lole yonyamula matumba a chimanga kupita ku Chadiza. Dalaivala anati makwacha makumi awiri munthu mmodzi.

"Makumi awiri?" amayi anagwira pakamwa. "Kukhala pa thumba? Mwayesa ndi ndege iyi?"

"Mafuta adula, amayi."

"Nanga fumbi tidyeli mwaliwerengera?"

Anagwirizana makumi atatu tonse awiri, kuwonjezapo mbatata zophika ziwiri za dalaivalayo. Tinakwera pamwamba pa matumba, miyendo lendelende, lole n'kuyamba kutigwedeza ngati ikupeta.

Amayi anga sasunga nkhani m'mimba. Tisanapite patali, lole yonse inali itadziwa kuti mwana wawo Esinati akupita ku yunivesite, kuti ali kusekondale ankawerenga mpaka kudwala mutu, ndiponso kuti sadziwa kusinja. Ndinafuna kulowa m'thumba la chimanga. Mdala wina wa chipewa chong'ambika, amene anakhala atakumbatira njinga yake, anandiyang'ana bwinobwino.

"Yunivesite yomwe ija tinasonkhera? Titangolandira ufulu anabwera anthu m'midzi, akuti tiyeni timangire ana athu sukulu yaikulu. Ine ndinapereka tambala, wamkulu chonchi! Lero akuti mulipire? Ukafika, mwanawe, ukandifunsire za tambala wanga."

Anthu anafa nacho chiseko. Ine ndinangomwetulira, pakuti mumtima ndinkafunsa zomwezo.

Ku Chadiza tinafika dzuwa litakwera, tonse titayera mbuu ngati tachokera kuchigayo. Tinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, kudya mbatata zotsala ndi nzimbe. Ndinapempha vitumbuwa, amayi anandidula ndi diso lokha. Patapita nthawi kunabwera vaneti yopita ku Katete, makwacha makumi awiri ndi asanu munthu, ndipo uyu sanalole zonenerera. Panjira asilikali anatiimitsa, chifukwa masiku amenewo nkhondo ya ku Mozambique inkatayikira ndi kuno komwe. Anafuna zitupa. Cha amayi chinali pa mfundo ya chitenje, mkati mwa mfundo ina, mkati mwa kansalu kena. Msilikali anadikira, anadikira, kenako anati, "Basi amayi, ndakhulupirira, pitani."

Kuchokera pamenepo amayi anayamba kukonzekera nkhondo yawo. Sankaopa amalume ayi. Ankaopa akazi awo, aNaphiri.

"Mkazi uja ndi woumira. Akangomva za ndalama anena kuti nafenso tili ndi ana. Ndimuuza kuti anawo ali ndi amalume awo kwawo. AYobe ndi athu. Mbumba ndi ife."

Anabwereza mawu amenewa mpaka ndinawaloweza. Inenso ndinali nditatenthedwa nawo, ndikumuda munthu amene ndinamuona kamodzi kokha ndili mwana.

Katete anatilandira ndi mzere wautali wa anthu odikira sopo pa sitolo ina. Ife tinakabisala dzuwa pakhonde la sitolo ya nsalu ya Che Amidu, Msilamu wachikulire wobadwira ku Malawi. Anatipatsa madzi m'kapu yachitsulo, ndipo amayi, monga mwa nthawi zonse, anakhuthula nkhani yonse.

"Kwathunso ndi choncho, za mwana amadziwa ndi amalume," anatero iwo akusisita ndevu. "Koma dziko latembenuka, amayi. Atate akuti pita kwa amalume, amalume akuti pita kwa atate ako. Mbuzi ya anthu awiri imagona panja."

Ndinaika kapu ija pansi. Mpaka nthawi imeneyo sindinaganizepo kuti amalume angathe kukana ndi chifukwa chomveka.

Basi yochokera ku Chipata kupita ku Lusaka inabwera itadzaza kale. Tinalipira makwacha khumi ndi asanu aliyense kuti tiimirire, ine nditapanikizidwa pakati pa mtolo wa nsomba zouma ndi msana wa bambo wina. Msewu ndi wa tala, inde, koma maenje ake ankatidumphitsa mpaka mano kugundana. Pazenera ndinkangoona minda ya thonje yokololedwa kale ndi ngolo za ng'ombe zikupita kumadepoti. Ndinadziuza kuti basi yomweyi ndiyo idzanditenge kupita ku Lusaka, kenako ndinadzidzudzula kuti ndisadyeretu za m'nkhokwe ya eni.

Tinatsika pa Sinda dzuwa litapendeka. Amalume tinawapeza pakhonde la sitolo ina, pomwe ankachita lendi kamalo kosokerapo. Iwo ankadula nsalu, magalasi awo atamangidwa ndi ulusi, maso atayandikitsa pafupi kwenikweni ndi lumo. Wopalasa makina anali mwana wawo woyamba, Dailesi, msuweni wanga, wocheperako pang'ono kwa ine. Sukulu analekezera giredi ya kumapeto kwa pulaimale. Koma kusoka kwake, abale! Miyendo ikupalasa, manja akuyendetsa kolala ya yunifolomu, maso ali kwa ife akutilonjera, mzere osakhota.

"Maso anga atha, mlongo," amalume anauza amayi. "Amene akutidyetsa tsopano ndi uyu."

Kunyumba kwawo kunali zipinda ziwiri ndi ana asanu. ANaphiri, amene tinawakonzera nkhondo aja, anali mayi woonda, wosalankhulalankhula. Anatifunditsira madzi osamba, anatipatsa ndiwo za chigwada zotendera, ndipo mphasa yawo yabwino anayalira ife. Ndinaona kuti ana anadya pambuyo pathu, ndipo sanachedwe kumaliza.

M'mawa tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinadikira kuti amayi atulutse mawu awo aja. Kalanga ine, anathawa onse! Anangoti, "Achimwene, mwana wanu uyu wakhoza. Koma akuti tilipireko." Anatchula ndalama yotsalayo motsitsa mawu, ngati akutukwana.

Amalume anavula magalasi awo aja n'kuwapukuta. Kenako anati, "Ndalama ndilibe, mwaona nokha. Chomwe chilipo ndi makina. Ku Katete alipo amasitolo amene akhala akuwafuna."

"Ayi, achimwene, makinawo ndiye..."

"Tandimverani. Makina aja sindinagule ine. Anali a amalume athu, inu mukudziwa. Tsiku lomwe ndinakawatenga atamwalira, ana awo anaima poteropo kundiyang'ana, palibe anatsegula pakamwa. Ndinawatenga chifukwa ndine mwana wa mlongo wawo. Ndadyera mwambo umenewu zaka zonsezi. Lero wafika pakhomo panga ndiukane?"

Dailesi anali pafupi akutsuka mbale. Manja ake anaima m'madzi. Sanatembenuke.

Ine manyazi anandigwira, misozi ili m'maso. Ndinati, "Amalume, musatero. Ndidikira chaka china."

Amene anandiyankha ndi aNaphiri, ndipo kanali koyamba kundilankhula mwachindunji.

"Iwe, usakane ndi pakamwa chimene mtima wako ukulirira. Chaka china malo ako adzakusungira ndani?"

"Nanga inu mudya chiyani, alamu?" anafunsa amayi.

"Munda ulipo. Manja alipo." Anadzuka, nakung'untha chitenje. "Musandiyese wokondwa, alamu. Zikundiwawa. Koma mtsikana woti afike kumeneko sabadwa chaka chilichonse."

Amayi, amene samasowa chonena ngakhale pamaliro, anangogwira dzanja la alamu awo n'kuwerama.

Tinapita tonse ku sitolo kuja kukamasula makina. Dailesi anapempha kuti ayambe wamaliza yunifolomu ya dzulo ija, chifukwa mwini wake anali atalipira kale. Tinaima kumudikira. Sanafulumire, sanachedwetsenso dala. Atadula ulusi womaliza, anapukuta makinawo ndi kansalu, anathira mafuta m'timabowo tonse, nachotsa lamba. Singano zotsala anazikulunga m'kapepala n'kundipatsa.

"Ukawauze ogulawo kuti akamasoka nsalu yokhuthala asamakoke, amadula singano," anatero. Kenako anaseka pang'ono. "Ndipo iwe ukaphunzire zenizeni, wamva? Usakachite zibwana kumeneko."

Ndinafumbata kapepala ka singano kaja.

Miyendo yachitsulo ananyamula amalume. Mutu wa makina, wolemera ngati mwala, aNaphiri anapinda nkhata nasenza okha mpaka pamsewu. Amayi anati alandire, iwo anakana. Basi yopita ku Katete itaonekera patali, aNaphiri anatula, nandikokera pambali.

"Esinati, ndalama za boma ndamva kuti ena amabweza akayamba ntchito, ndipo zimatha. Ife sitikubwereketsa, sitidzakulonjerera pakhomo. Koma tamuyang'ana mnzakoyo. Umudziwe bwino nkhope."

Ndinamuyang'ana Dailesi. Anaima kumbuyo kwa atate ake, manja atawapinda pachifuwa, kachidutswa ka ulusi wabuluu katakanirira pa diresi.

Kondakitala anafuna makwacha khumi a katundu. Amayi analipira osanenerera ngakhale ngwee imodzi, ndipo mpaka ku Katete sanauze munthu aliyense kuti mwana wawo akupita ku yunivesite. Makina anagulidwa tsiku lomwelo, ndalama zinakwana, ndipo ku Lusaka ndinapita.

Ndinanyamuka ku Vubwi ndikudziwa mtengo wa sukulu umene boma linatchula. Ndinabwerako ndikudziwa amene anaulipira. Nditayamba ntchito, chinthu chachikulu choyamba kugula chinali makina osokera, ndipo ndinapita nawo ndekha ku Sinda. Ndinapeza amalume atamwalira kale, Dailesi atakwatiwa kumudzi wina wa alimi a thonje, ali ndi mwana kumbuyo, wina m'manja. Anawasisita makinawo, anathokoza kwambiri, nati adzasokera nthawi ikapezeka. Mwana wake wamkazi ndinamutenga, anaphunzira ali pakhomo panga mpaka kumaliza. Koma Dailesi mwini wake sanakhalenso pa makina.